Makapu a Mafupa a ku Chirimba

A Everson Nakhumwa anali munthu wowotcherera zitsulo ku Chirimba. Shedi yawo ya malata akale inali m'mbali mwa msewu wotsikira kumsika, ndipo wodutsa masana ankayenera kuyang'ana kumbali kuopa kuthwanima kwa moto wawo. Anali wamtali, wachifuwa chotambalala, manja ngati mafosholo, zala zodzaza zipsera. Makolo awo anachoka ku Mozambiki kalekale kudzathyola tiyi ku Mulanje, choncho iwo anakulira m'malaini a pa esiteti, kumene tiyi ankamwera m'chitini cha jamu. Ankakonda kunena okha kuti Mulungu anawapatsa thupi lonyamula njanji, kenako mwanthabwala n'kuikamo mtima wokonda tinthu tosweka.

Matenda awo, monga ankawatchulira akazi awo a Magdalena, anayamba mu 1991. Mzungu wina wokalamba ku Nyambadwe ankagulitsa katundu wake pa okushoni asanabwerere kwawo, ndipo a Nakhumwa anapita ndi cholinga chogula vaisi yogwirira zitsulo. Anthu ankalimbirana mafiriji, mabedi ndi mawilibala. Patebulo la kumapeto, pakati pa miphika yobooka, panali kapu yadothi imodzi ndi sosala yake. Inali yoyera ngati dzira losenda, m'milomo mwake muli mzere wagolide, m'mbali muli timaluwa tofiirira tomwe munthu akanatha kuwerenga masamba ake. Anainyamula kuti angoisuntha, dzuwa n'kuilasa. Anaona mthunzi wa zala zawo ukuonekera mkati mwa kapumo. Anaima choncho, kapu ili m'mwamba, mpaka vaisi ija inagulidwa ndi munthu wina.

"Vaisi ija ili kuti, bambo a Patience?" anafunsa a Magdalena atafika kunyumba.

A Nakhumwa anamasula jekete lawo la ntchito pang'onopang'ono ngati muli mwanapiye.

"Ndiye zitsulo muzigwirira m'menemo?"

"Taonani kaye padzuwa, mayi a Patience."

A Magdalena anaona padzuwa, n'kunena kuti kapuyo ndi yopyapyala moti wopanga wake anaumira dothi. Tsiku lotsatira, pokhala mayi waukhondo amene salola chiwiya cha eni kulowa m'nyumba mwake chosatsuka, anaikwecha bwinobwino ndi phulusa. Golide wa mbali imodzi anapita ndi madzi otsukira mbale. A Nakhumwa anakhala pakhonde atagwira tsaya moti a Bonifasi, neba wawo wogulitsa makala, anabwera kudzafunsa ngati kwabwera uthenga wa maliro kuchokera ku Mulanje.

Sabata yomweyo a Nakhumwa anapanga kabati. Mafelemu ake anali achitsulo, kutsogolo galasi, pamwamba pa galasilo zitsulo zopingasa ngati za pawindo la sitolo, ndi loko wamkulu. Kiyi ankayenda naye m'thumba. A Magdalena anaitcha kabatiyo ndende, ndipo kapu iliyonse yatsopano ikabwera ankangofunsa kuti, "Mkaidi uyu walakwa chiyani?"

Akaidiwo anachuluka chifukwa cha a Hussain, bambo wa Chiyao amene ankagulitsa katundu wakale mumsika wa Limbe: maloko, mawotchi osayenda, masutikesi. A Hussain ndiwo anawaphunzitsa kutembenuza kapu n'kuyang'ana kunsi kwake, kumene kumakhala kachisoti kachifumu ndi dzina la dziko la Mangalande. Anawaphunzitsa kuigogoda ndi chikhadabo: yabwino imalira ngati kabelu, ya mng'alu imangoti phwa. Anawauzanso kuti timakapu tina tating'onoting'ono si ta ana ayi, ndi tomwera khofi. Maphunzirowa sanalowe tsiku limodzi. Ulendo wina a Nakhumwa, podziona kuti akhwima nzeru, anagula okha seti yathunthu kwa munthu wina ku Ndirande amene analumbira kuti agogo ake anaphikirako bwanamkubwa ndipo setiyo inachokera kumeneko. Pofika nayo ku Chirimba, golide yense anali m'zala zawo. Patapita masiku anaona seti zonga yomweyo zitaunjikidwa m'sitolo ya Mmwenye ku Limbe, zatsopano, pafupi ndi mabeseni apulasitiki.

Koma pang'ono ndi pang'ono kabati inadzaza ndi zenizeni. Panalibe makapu awiri ofanana. Ena analibe masosala, masosala ena analibe makapu. Munali tipoti yamaluwa abuluu yomwe chivundikiro chake chinali cha tipoti ina, kajagi ka mkaka kothyoka mlomo, ndi poto wa khofi wamtali wakhosi ngati la kakowa. Loweruka masana akaweruka, a Nakhumwa ankasamba m'manja kawiri, kutseka chitseko, kutulutsa chimodzichimodzi n'kumapukuta ndi thewera lakale la Patience. Ankachita izi akung'ung'udza nyimbo, nthawi zina akuyankhula nazo. Chimene sanachitepo n'kumwera. Tiyi wawo ankamwera m'kapu yachitsulo yomwe ankagwiritsa ntchito kushedi.

Matipate atabwera, zinthu ziwiri zinachuluka mu Blantyre: akuba ndi mabungwe. Akuba anawachitira a Nakhumwa zabwino, chifukwa aliyense ankafuna geti ndi zitsulo za m'mawindo, moti shedi inkathwanima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mabungwe ndiwo anawapweteka. Ankaona anthu amene dzana ankaopa kutsokomola pagulu lero akutchedwa atcheyamani: wa bungwe la ufulu wa izi, wa bungwe la chitukuko cha izo. Anadzifunsa kuti iwo analakwa chiyani. Pakati pa chaka cha 1995 anatenga chidutswa cha lata, n'kulembapo ndi penti wofiira kuti Loweruka masana kudzakhala msonkhano woyamba wa Bungwe la Okonda Makapu Akale, ndipo tiyi adzakhalapo. Anachikhoma pashedi.

Ankayembekezera a Hussain ndi mwina mphunzitsi mmodzi wopuma ntchito. A Hussain sanabwere, anali ndi ukwati ku Mangochi. Koma Chirimba inabwera. Anthu anadzaza pabwalo la nyumba, ena atakhala pa njerwa, ena pa matumba a makala a a Bonifasi. Ena anamva kuti ndi chipani chatsopano, ena kuti ndi bungwe la azungu logawa ngongole. A Nakhumwa anavala suti yawo ya ukwati yomwe inali itasiya kumangika mabatani, n'kuika tebulo pakhonde. Anayalapo nsalu yoyera ndi makapu awo, kenako anaima kutsogolo kwake ngati mlonda kuti wina asayandikire.

Anayankhula za mbiri ya kapu iliyonse, kumene anaipeza ndi momwe anaitengera pa minibasi ataikumbatira. Anafotokoza za golide wopakidwa ndi dzanja. Anthu anayamba kuyasamula. Bambo wina kumbuyo anaimika mkono.

"Atcheya, pepani kudula. Nkhani ya alawansi ikhala kumapeto?"

Dzina loti atcheya linawakomera a Nakhumwa mpaka m'mafupa, koma anaona kuti msonkhano ukuwapulumuka. Amayi ena anali atayamba kale kumanga ana kumsana. Anakumbukira chinthu chimene a Hussain anawauza, chodabwitsa kuposa zonse, choti dothi la makapuwa amalisakaniza ndi phulusa la mafupa a ng'ombe, n'chifukwa chake amayera chotero ndi kuonekera padzuwa. Anatukula kapu imodzi m'mwamba.

"Abale anga, mukuiona kapu iyi? Si dothi wamba ili. Muli mafupa umu."

Anaima kaye, monga ankachitira andale pa wailesi, kuti mawu alowe. Mawu analowadi.

"Mafupa a ndani?" anafunsa a Bonifasi.

Apa ndi pamene a Nakhumwa, pofotokoza nkhaniyi m'zaka zotsatira, ankadzimenya pamphumi. Yankho linali mawu awiri okha, a ng'ombe. Koma munthu anali atatchedwa atcheya, maso onse ali pa iye, ndipo anafuna kuseketsa anthu. Anamwetulira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zimenezo n'zachinsinsi cha ku Mangalande."

Palibe anaseka. Nthawi yomweyo a Magdalena anatuluka ndi ndowa ya tiyi ndi makapu apulasitiki, koma anthu amene anabwerera tiyi yemweyo anayamba kukumbukira kuti asiya nyemba pamoto. A Nakhumwa anatsala ndi ndowa yodzaza ndi udindo wawo.

Lachiwiri lake anakwera minibasi kupita m'tauni kukagula ndodo zowotcherera. Mayi wina amene anakhala pambali pawo, wosawadziwa, ankauza mnzake nkhani. Kuli wowotcherera wina ku Chirimba, anatero, amasunga makapu opangidwa ndi mafupa a anthu. Golide wake ndi wa mano a azungu akufa. Amawatsekera m'khola lachitsulo kuti asathawe, Loweruka lililonse amadzitsekera m'nyumba n'kumayankhula nawo, ndipo ukawakhudza amalira. N'chifukwa chake mageti ake akuyenda malonda chotere.

A Nakhumwa anamvetsera nkhaniyo mpaka pakati asanazindikire mwini wake. Ankati chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti, kuchotsapo anthu akufawo, zina zonse mayiyo ananena zoona.

"Wowotcherera wake ndi uti, mayi?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Chimunthu chachikulu, akuti. Maso ofiira."

A Nakhumwa anayang'ana pawindo mpaka m'tauni. Maso awo analidi ofiira, monga a wowotcherera aliyense.

Poyamba anayesa kuseka. Anauza a Bonifasi za ng'ombe zija, a Bonifasi n'kuvomera ndi mutu mwaulemu, koma kuyambira tsiku limenelo makala ankawapatsira kunja kwa mpanda. Anthu amene anaoda mageti anayamba kunena kuti aganize kaye. Ana odutsa pashedi ankathamanga. Izi a Nakhumwa akanapirira. Koma a Magdalena ankaphika mandasi n'kumagulitsa pamsika, ndipo beseni linayamba kubwerera lodzaza. Kumpopi amayi anzawo ankawapatsa mpata wotunga msanga, osati mwaulemu koma kuti achoke. Tsiku lina a Nakhumwa anawapeza atakhala kuseri kwa nyumba, beseni la mandasi ozizira lili pamiyendo, sakuyankhula. Pa zaka zonse za banja lawo anali asanawaonepo akusowa chonena, ndipo anachita manyazi kuposa tsiku la seti ya ku Ndirande.

Kenako uthenga unabwera woti akuluakulu a mpingo adzafika Lamlungu akaweruka ku mapemphero, kudzamva okha za nkhaniyi.

"Ndiwauza za ng'ombe," anatero a Nakhumwa.

"Mwauza kale Chirimba yonse za ng'ombe. Wamva ndani?" anayankha a Magdalena. "Muwamwetse tiyi m'makapu omwewo. Inuyo muyambe kumwa iwo akuona."

"Amenewa sitimwera, mayi a Patience."

"Ndiye anthu akulakwa pati? Kapu yosamwera, yokhala ndi loko, bambo wandevu akumaipukuta ndi thewera n'kumaiimbira nyimbo. Ine ndemwe ndikanakhala neba ndikanasamuka."

Loweruka a Nakhumwa anapita ku Limbe kukapempha a Hussain kuti adzawachitire umboni. A Hussain anaseka mpaka kugwira mtengo wa benchi lawo, koma analonjeza kubwera.

Lamlungu masana anafika a Maxon Likoswe, mkulu wa mpingo, bambo woonda wa magalasi amene anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, pamodzi ndi mayi Selina, mtsogoleri wa amayi a mumpingo. Anakhala pampando moyang'ana chitseko. A Hussain anali atafika kale, atavala mkanjo woyera ndi kofia, ndipo a Likoswe anawayang'ana ngati akudzifunsa ngati ameneyu si sing'anga wa a Nakhumwa.

A Nakhumwa anatsekula loko. A Magdalena anatsuka makapu ndi madzi ofunda okhaokha, amuna awo ataima kumbuyo kwawo akupuma mokweza. Anathira tiyi mu tipoti yamaluwa abuluu ija, ndipo tipotiyo, yomwe inali isanaone madzi otentha kwa zaka zambiri, inagwira ntchito yake popanda chodandaula.

A Hussain anayamba ndiwo. "Akuluakulu, ine ndine Msilamu. Nditamva koyamba za mafupawa ndinasowa tulo kuposa inu, chifukwa ndinkaopa kuti ndi a nkhumba. Ndinafunsa azungu angapo amene ndinkawagula katundu, aliyense payekha, ndipo onse anati ng'ombe. Amawotcha, kusinja, kusakaniza ndi dothi. Akanakhala a munthu kapena a nkhumba, ine sindikanawagwira, ngakhale kuwagulitsa kwa munthu wosamva ngati uyu."

"Tamva," anatero a Likoswe. "Eni ake amwe."

A Nakhumwa anatambasula dzanja. Apa ndi pamene anatulukira chinthu chimene zaka zonsezi sanachidziwe, popeza makapu awo ankawanyamula ndi manja awiri ngati mazira: chala chawo sichinkalowa pa chogwirira. Anayesa chamkombaphala, chinakana. Anayesa chaching'ono, chinalowa nsonga yokha n'kukanirira. Alendo ankangoyang'ana. Pomaliza anaifumbata kapuyo m'dzanja lonse, ndipo pokhala yopyapyala inawatentha kuposa chitsulo chilichonse chimene anagwirapo kushedi. Sakanaiponya pansi, sakanaibwezanso patebulo anthu akuona. Anangoikhuthulira kukamwa yonse kamodzi. Misozi inalengeza.

"Mukumva bwanji?" anafunsa mayi Selina, atasendera kutsogolo.

"Ndi tiyi," anatero a Nakhumwa lilime litapsa. Ndipo analidi tiyi, wofanana ndi wa masiku onse, kungoti wochepa. Iwo ankaganiza kuti tsiku limene adzamwere m'kapu yagolide adzamva china chake, kaya kukoma kwa ku Mangalande, kaya ulemerero. Anangomva kuti shuga wachepa.

A Likoswe anapempherera kapu yawo pemphero lalitali lomwe linadutsa ku Eksodo mpaka ku Chivumbulutso, moti pomwe ankati ameni tiyi anali atazizira bwino. Anamwa pang'ono, kudikira, n'kumwanso. Anatenga ndasi kuti aviike, koma ndasi la a Magdalena linali lalikulu kuposa kamwa la kapu. Analinyema pakati, linakanabe. Analinyemanso. Mayi Selina anali atamaliza wawo, ndipo anatembenuza kapu kuona kachisoti kaja, n'kuitukula kuwindo monga anaonera eni ake akuchitira pamsonkhano uja. Anakhala nthawi akuyang'ana zala zawo zikuonekera.

"Koma n'zokongola," anatero motsitsa, ngati akuulula tchimo. "Mayi a Patience, muli wina mu tipotimo?"

Anamwa makapu angapo aliyense, chifukwa imodzi sinkafika pakhosi. A Likoswe anafunsa ngati makapuwa amabweretsa ndalama. A Magdalena anaseka koyamba m'masabata ambiri, n'kuwaonetsa denga la kuchipinda lomwe linkadontha chaka chilichonse pamene mwini nyumba ali kalikiliki kusaka masosala. A Likoswe anafunsanso chifukwa chimene munthu angasungire ziwiya zosagwiritsa ntchito.

"Tsiku lonse ndimagwira zinthu zolemera, zakuda, zotchingira anthu akuba," anatero a Nakhumwa. "Ndimafuna pakhale kanthu kena m'nyumba kopanda ntchito, kongoti ndikaone. Kupitirira apo, akulu, sindikudziwa. Mwina ndi uchitsiru basi."

A Likoswe anavula magalasi, kuwapukuta, n'kunena kuti mawu omalizawo ndi amene akaperekedwe ku mpingo.

Anachitadi zimenezo. Lamlungu lotsatira, pa nthawi ya zolengeza, anaima kutsogolo n'kuuza mpingo kuti iwo ndi mayi Selina anapita kwa a Nakhumwa, anaona makapu, anamwera, ndipo ali moyo monga aliyense akuonera. Mafupa ndi a ng'ombe. Ufiti sanaupeze. Chimene anapeza ndi uchitsiru wamba, umene malamulo a mpingo saletsa. Tchalitchi chonse chinaseka, ndipo a Nakhumwa, atakhala pa benchi la abambo, anaseka nawo mpaka kupukuta maso. Ankati mu Chirimba monse ndi iwo okha amene analengezedwa paguwa kuti ndi chitsiru n'kubwerera kunyumba mtima uli mbee.

Mandasi anayambanso kutha. Amayi a mumpingo anayamba kupeza zifukwa zochezera a Magdalena Lamlungu masana, ndipo kiyi wa kabati anasamukira pa mfundo ya chitenje chawo. A Nakhumwa anakana masiku oyamba, kenako anangopempha kuti poto wa khofi yekha asakhudzidwe. Makapu ena anasweka, monga zimachitira ziwiya zikayamba kugwira ntchito. Ikasweka imodzi ankatola zidutswa zonse, n'kuziika m'chitini, kenako Loweruka ankakwera minibasi ya ku Limbe. Bungwe lija silinakumanenso, koma popeza panalibe chisankho china, iwo ankati akadali tcheyamani.

Mphekesera yokha sinafe yonse. Chilengezo cha a Likoswe chinathera pa anthu a mumpingo, pamene nkhani ya mafupa inali itakwera kale maminibasi mpaka ku Machinjiri ndi ku Chilomoni. Patapita miyezi, a Nakhumwa anadabwa kuona anthu achilendo akubwera kuchokera kutali, kudutsa owotcherera ambirimbiri m'njira, kudzafuna geti la kwa iwo basi. Kunamveka kuti geti la bambo wa mafupa wakuba salikhudza.

Wina wa iwo, mwini golosale ku Bangwe, atagwirizana nawo za kukula kwa geti, anawakokera kuseri kwa shedi.

"Bambo, muikemo ndithu tija mumaikamo."

"Bwana, ine ndimaika chitsulo ndi penti. Za mafupa zija ndi ng'ombe, ndiponso ndi makapu a tiyi, sizikhudzana ndi geti. Ndine munthu wopemphera."

Bamboyo anatsinzinira diso limodzi, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. "Ndamva, bambo. N'zosanena."

A Nakhumwa anamuyang'ana akupita kukakwera minibasi, akuyenda monyadira ngati wagula mkango. Anatsitsa chigoba chawo chowotcherera kumaso n'kuyamba kuwotcherera, ndipo geti limenelo analipanga lolimba kuposa onse, chifukwa anaona kuti likadzathyoledwa, anthu sadzanena kuti chitsulo chinali chofewa, adzati mankhwala a Nakhumwa asuluka.